Ku Malindi ndi mwana wowerenga zaka mu ayezi

Lolemba, 5 Ogasiti 2024. Zomba mpaka Mangochi boma

Tinafika pa depoti 7 koloko m'mawa, koma minibasi inanyamuka 10 koloko itakwana kale. Kondakitala ankangoti "atsala awiri, atsala awiri," awiriwo osaoneka. Tinalipira K9,000 aliyense, ndipo chikwama cha mwana wa achemwali anga anachilipiritsa pachokha K1,500 ati chikudya malo a munthu.

Ulendowu mwini wake ndi iyeyo. Wakhala ku Switzerland zaka zitatu pa sukulu, ndipo chibwerereni sabata yatha, pakamwa pake ndi anganga ake a ku Malindi basi. Achemwali sakanatha kusiya ntchito, ndiye mtolo wagwera ine malume wake. Ndivomere kuti mpaka lero sindimadziwa bwino chimene mwanayu amachita kunjako. Kunyumba timangoti amaphunzira za nyengo.

Anandimasulira ndi mayi wina wa geni ya chambo amene anakwera pa Liwonde. Anali ndi bokosi la ayezi wokaikira nsomba, ndipo madzi ake ankatidonthera kumapazi. Anapepesa, n'kudandaula kuti akamafika kunyanja theka limakhala litasungunuka, ndalama zitapita ndi madzi. Mwana uja anandigwira mkono, akuti, "Amalume, ntchito yanga ndi imeneyitu."

Akuti pamwamba pa mapiri atali kwambiri pamagwa chipale chofewa, ndipo sichisungunuka chonse. Cha chaka chino chimagwera pa cha chaka chatha n'kuchipsinja, mpaka cha pansi chimasanduka ayezi wolimba gwa. Chilichonse chimene chinali mumpweya nthawi imeneyo, kaya fumbi, mwaye, mungu kapena utsi wa m'mafakitale, chimatsekeredwa momwemo. Ndiye anthu amakwera ndi makina onga obowolera mjigo, n'kumatulutsa ayeziyo chidutswachidutswa, chobulungira ngati munsi, kuyambira pamwamba mpaka pathanthwe.

Mayi uja anamvetsera mpaka kumapeto, kenaka anafunsa funso la munthu wodziwa: "Nanga m'njiramo sasungunuka?" Atamva za mabokosi otsekeka bwino, helikopita, galimoto ya firiji, ndi chipinda chimene mwanayu amagwiriramo ntchito atavala majekete awiri pa madigiri 20 kunsi kwa ziro, anagwedeza mutu. "Ndiye nkhawa yathu ndi imodzi, mwana wanga." Potsika anatipatsa nthochi zinayi, anakana ndalama.

Pa Kamuzu Barrage madzi amathamanga mochititsa mantha. Titapitirira Ulongwe anayamba malambe ndi migwalangwa, ndipo kudzanja lamanja Malombe inkangowala patali. Tagona pa resiti hausi ya K15,000 chipinda, neti yobooka pawiri. Nsima ya kampango K5,000. Msana ukundipweteka.

Lachiwiri, 6 Ogasiti. Boma, kenaka Malindi

Anandidzutsa mwazini kusanache. Tinamwa tiyi wa mkaka ndi mandasi pafupi ndi msika, n'kuyenda wapansi kulowera ku mlatho wa Bakili Muluzi. Ine ndinkafulumira kuti tikapeze galimoto, koma mwana uja anaima pafupi ndi nsanja ya wotchi, pa chikumbutso cha sitima ya Viphya imene inamira mu Julaye 1946 kumpoto kwa nyanja, n'kupha anthu 145. Ndadutsapo kambirimbiri pamalopa chibadwire, sindinaimepo.

Chimene chinamuimika ndi dzinalo. Akuti mu 2005 sitima ina yonyamula katundu, dzina lake Viphya yomweyo, anaiika makina obowolera n'kupita nayo pakati pa nyanja, pamene madzi ndi akuya mamita 592. Kuchoka pansi pa nyanjapo anabowolanso mamita ena 380 kulowa m'matope. Matope amene anatulutsawo akusunga mbiri ya zaka pafupifupi 1.3 miliyoni. Anatchula mayina a amene anatsogolera, Christopher Scholz, Thomas Johnson ndi Andrew Cohen, ngati akutchula anansi ake. Akuti pa sukulu yawo akangomva kuti ndi wa ku Malawi, aphunzitsi amayamba kumufunsa za matope amenewa.

Chinandiwawa pang'ono. Chaka chimenecho ndinali kale bambo wa ana awiri, wailesi ndinkamvera tsiku ndi tsiku, koma nkhani ya nyanja yanga ndikuimvera kwa mwana wochokera ku Ulaya, matopewonso akusungidwa ku Minnesota, ku America. Chidutswa chimodzi chokha chitaikidwa poti ana a sukulu a ku Mangochi azichiona, ndikanakondwa.

Titawoloka Shire tinakwera matola ya K3,000. Mpando unatsala umodzi kutsogolo, ndipo bambo wina wovala mkanjo woyera anatsika yekha n'kuupereka kwa mwana uja, iye n'kudzakhala nane kumbuyo pa matumba a chimanga. M'njira tinaima kanthawi kudikira gulu loperekeza anyamata ku jando, ng'oma ndi nthungululu zili wawawa. Dalaivala anazimitsa injini, palibe anadandaula.

Amayi anatiwonera patali. Anasiya lichero pansi, nayamba kuvina okhaokha pabwalo akufuula, "Mkazi mnzanga wabwera!" Mwana uja analira, nanenso ndinayang'ana kumbali.

Madzulo ndinatsikira kugombe. Mchenga umene tinkaseweramo mpira kulibe. Nyanja yadzaza chaka chino kuposa mmene ndinaiwonerapo, thandala la usipa analisamutsira kumtunda, ndipo mtengo wa mango wa pa dooko waima m'madzi, masamba atayamba kufiira.

Lachitatu, 7 Ogasiti. Pakhonde pa amayi

Lero sitinapite kulikonse, koma ndi tsiku limene ndikufuna kulemba mosaphonya kanthu.

Tikusenda chinangwa, mwana uja anawaonetsa anganga ake zithunzi pafoni: iye ali m'chipinda chozizira, magolovesi kumanja, akucheka ayezi ndi sowo yamagetsi. Amayi anayang'anitsitsa kwa nthawi yaitali, kenaka akuti, "Ayeziyu salankhula. Nanga chaka mumachidziwa bwanji? Kapena mumangolembapo, ngati mmene anandilembera ine pa chitupa?" Chitupa chawo cha unzika, chija tinalembetsa mu 2017, chimati anabadwa 1950. Amayi sanachivomerezepo.

Mwanayo sanayankhe mwachindunji. Anangofunsa kuti, "Anganga, inuyo mumati munabadwa liti?"

Amayi anaika mpeni pansi. Akuti amayi awo anali ndi pakati pa iwo pamene mbiri inafika kumudzi kuti Viphya yamira, nthawi ya mwera ngati ino. Iwo anabadwa mvula yoyamba itagwa, anthu akubzala. Ndipo njala yaikulu ija inawapeza akuyenda okha, akutha kunyamula kachikho potsatira amayi awo kokafuna chakudya. Pakati pa kubadwa ndi njalayo anawerenga ndi zala: dzinja ili, dzinja ili, kenaka lija mvula inadula.

Ndinamva tsemwe, chifukwa dzulo lomweli tinaima pa chikumbutso chija. Julaye 1946 mbali ino, njala ya 1949 mbali inayo. Amayi anabadwa kumapeto kwa 1946. Zaka pafupifupi zinayi chitupa chinawadyera.

"Ifenso timatero," anatero mwana uja, maso ali gwa pa anganga ake. "Choyamba timawerenga madzinja, chachiwiri timafuna Viphya wathu."

Kuwerengako kuli motere. Chipale cha nyengo yotentha chimasiyana ndi cha nyengo yozizira: cha nyengo yotentha chimakhala ndi fumbi ndi utsi wambiri chifukwa mpweya wa m'zigwa umakwera kufika pamwamba pa phiri, china chimakhala choyera. Ngakhale madzi ake enieniwo amasiyana kulemera pang'ono kwambiri, malinga ndi mmene kunkatenthera pamene ankagwa. Amadula ayeziyo tizidutswa tating'ono, kusungunula, kuyeza, n'kumaona kukwera ndi kutsika. Kukwera kumodzi ndi kutsika kumodzi, chaka chimodzi. Koma akuti kuwerenga kokha kumanamiza. Mphepo imatha kuulutsa chipale chonse cha nyengo yozizira, chaka n'kusowa. Ukamatsika pansi miyalo imapsinjika mpaka kupyapyala ngati pepala, zaka zambiri n'kuunjikana malo ochepa ngati chala.

Ndiye pamafunika zizindikiro zodziwika tsiku lake. Chachikulu ndi 1963. M'zaka zimenezo America ndi Soviet Union ankaphulitsa mabomba a nyukiliya mumlengalenga poyeserera, ndipo zotsalira zake, makamaka tritium, zinachuluka kwambiri mu 1963, chaka chimene anagwirizana zosiya kuyesera mumpweya. Ukabowola ku mapiri a Alps ku Ulaya n'kupeza pamene tritium wakwera zedi, pamenepo ndi 1963. Pamwamba pake pali cesium, chotsalira cha ngozi ya pa siteshoni ya magetsi a nyukiliya ku Chernobyl, 1986. Palinso mizere yachikasu yooneka ndi maso, fumbi la ku chipululu cha Sahara limene mphepo inawolotsa nyanja ya Mediterranean mu 1977 ndi mu 1901. Kutsika pansi, pali chizindikiro cha phiri la Laki ku Iceland limene linaphulika mu 1783.

Amayi atamva 1963 anadumphira: "Chaka chija Chitaganya chinatha! Ndinali nditangolowa m'banja." Kenaka anakhala chete, akuti, "Ndiye fumbi la mabombalo linatigweranso ife tikulima?" Mwanayo anavomera kuti linafika dziko lonse, kungoti kuno kummwera linabwera lochepa ndiponso mochedwerapo, cha mu 1965.

Pansi penipeni, pamene palibe chizindikiro chodziwika, amasefa tizinyalala ta mwaye ndi zomera tosaoneka ndi maso n'kuyeza kaboni 14, amene amatha theka pa zaka 5,730 zilizonse. Ndi njira imeneyi anapeza kuti ayezi wa pansi pa Colle Gnifetti, mamita 4,450 m'mwamba pamalire a Switzerland ndi Italy, wapitirira zaka 10,000.

Chimene chinandigwira mtima ndi chakuti sanadzitame kuti amadziwa ndendende. Akuti pamwamba akhoza kuphonya ndi chaka chimodzi kapena ziwiri, pakati ndi zaka makumi, pansi ndi mazana, ndipo kuphonyako amakulemba poyera pambali pa nambala. Amayi anakondwera nazo zimenezi kuposa zonse. "Ameneyo ndiye munthu woona. Aja anangolemba osandifunsa za Viphya."

Tinadya kondowole ndi utaka wowotcha, mwezi kulibe, matochi a asodzi atandandalika pa nyanja ngati mudzi wina.

Lachinayi, 8 Ogasiti. Pa nyanja

Ndinachita mantha lero, ndisabise.

Mkulu wina amene anali mnzawo wa malemu bambo anatitenga pa boti lake la injini kuti tikagule usipa kwa anyamata a chilimira asanafike kugombe, kumene mtengo umakwera. Tinanyamuka kuli bata. Pobwerera mwera unadzuka. Mafunde ankamenya m'mbali, madzi kulowa, mnyamata wa mkuluyo akukapa ndi chigubu chodula osapuma. Ine wobadwira pa nyanja, koma zaka makumi atatu za ku Zomba zandichotsa mtima. Ndinagwira thabwa mpaka zala kuuma, ndikupemphera chamumtima, ndikuganiza kuti mwana wa eni ndikamuuza chiyani mayi wake. Mkulu uja anangoti, "Musaone mafunde, aphwanga, onani phiri," n'kulozetsa boti kuseri kwa mwala kumene tinadikira ola lathunthu.

Podikirapo anaponya nangula, ndipo atamukoka anatuluka ndi matope akuda onunkha. Mwana uja anawatapa ndi chala, kuwafikisa, n'kuyamba kucheza ndi mkuluyo ngati palibe chachitika. Anawafunsa ngati pansi penipeni pa nyanja pali nsomba. Iwo anati ayi, ukatsitsa chingwe kwambiri kumakhala kwakufa. Akuti n'zoona: kupyola mamita 250 kapena chapompo mulibe mpweya, choncho mulibe kanyama kofukula matope. Chimene chagwa chimagona pomwepo. Kumpoto kwa nyanja matopewo ali ndi mizere iwiriiwiri. Woyera umabwera nthawi ya mwera, pamene mphepo imavundula madzi ndipo tizomera tating'onoting'ono ta m'madzi timachuluka, kufa, zikamba zake n'kumira. Wakuda ndi wa dzinja, dothi la m'mitsinje. Mwera womwe unkandiopsa uja, ndiye kuti unali ukulemba mzere wa chaka chino.

Nayonso nyanja ili ndi Viphya wake. Phulusa la mapiri a Rungwe ku Tanzania lili m'matopemo. Ndipo mu 2013 analengeza kuti apezamo tizidutswa tonga galasi, tooneka ndi maikulosikopu basi, tochokera ku phiri la Toba ku Indonesia limene linaphulika zaka pafupifupi 75,000 zapitazo. Pansi pa mzere umenewo pali umboni wa zilala zoopsa, pakati pa zaka 135,000 ndi 75,000 zapitazo, pamene nyanjayi inataya madzi okwana magawo 95 pa 100 aliwonse.

Ndinkayembekeza kuti mkuluyo atsutsa. Iwo anangoti, "Nyanja imapita, imabwera." Agogo awo ankawoloka Shire wapansi, ndipo ankakamba za anthu olima chimanga m'kati mwa Malombe. Zimenezo n'zolembedwanso: kuyambira cha mu 1915 mpaka cha mu 1935 madzi a nyanja anasiya kutuluka kupita mu Shire. Ine ndinaganiza za Nkula ndi magetsi athu ambiri amene amadalira mtsinje womwewo, ndi mtengo wa mango uja waima m'madzi lero.

Usipa tinagula kandowa ka malita asanu K6,000. Nditaponda mchenga mawondo ankanjenjemera.

Lachisanu, 9 Ogasiti

Ndadzuka thupi lili lophwanyika, mutu ukuwawa. Ndinaopa malungo, koma pokayezetsa sanapezeke. Amayi anandiphikira phala la mgaiwa lothira nsinjiro, n'kundiyalira mphasa pansi pa mtengo.

Kuchokera pamphasapo ndinkaona utsi wa lupsa ukukwera m'mapiri a Namizimu, ndi anyamata akutsika ndi matumba a makala panjinga. Ndinafunsa mwana uja ngati utsi wotere umalembedwanso penapake. Akuti inde, mwaye umayenda kutali. Kenaka anandiuza za mtovu, umene ndi gawo la ntchito yake. Mu ayezi wa ku Alps mtovu umaoneka kuyambira nthawi ya ufumu wakale wa Aroma, pamene ankayenga siliva. Unatsika kwambiri pakati pa 1349 ndi 1353, mliri waukulu utapha anthu ku Ulaya mpaka migodi kuima. Unakwera koopsa m'ma 1970 chifukwa cha petulo wothira mtovu, ndipo atayamba kumuletsa, mzerewo unatsika. Kuno kwathu petulo wotere anatha kumayambiriro kwa 2006, dziko lomaliza kumusiya linali Algeria mu 2021. Ndinakumbuka mmene tinkayamwira petulo ndi paipi ndili mnyamata wothandiza pa galaja, osadziwa kanthu.

Koma nkhani imene yandisowetsa tulo ndi ya Kilimanjaro, kwa anansi athu a ku Tanzania. Mu 2000 gulu la Lonnie Thompson linabowola malo asanu ndi limodzi pamwamba pa phirilo. Iwo anawerengera kuti ayezi wa pansi ndi wa zaka 11,700, ngakhale akatswiri ena amatsutsa kuti si wakale chotero. Anapezamo mzere wochindikala wa fumbi wosonyeza chilala chachikulu zaka pafupifupi 4,000 zapitazo. Chizindikiro cha mabomba a mu 1952 anachipeza mamita 1.6 kuchokera pamwamba. Pasanathe zaka khumi, mzere umenewo unali utapita, ayezi atadyeka kuchokera pamwamba. Kuyambira 1912 kufika 2007 phirilo linataya magawo 85 pa 100 a ayezi wake.

Ndinamufunsa kuti chizindikiro chikapita amawerenga kuyambira pati. Anati ndilo vuto lake, amalume. Pamwamba pa ayezi sipakhalanso chaka chino, ndipo sudziwa kuti ndi chaka chiti. Kwinanso madzi osungunuka amalowerera pansi n'kutsuka mizere, ayezi alipo koma osawerengeka. N'chifukwa chake a bungwe la Ice Memory akuthamanga kubowola mapiri osiyanasiyana, ndi cholinga chokasunga zidutswazo ku Antarctica kuti odzabwera adzapeze choyeza.

Ndinayang'ana amayi akupeta mpunga, tsitsi lonse loyera. Za Malombe youma anamva kwa amayi awo, za Viphya anamva kwa amayi awo. Ine mwana wawo ndafika zaka makumi asanu ndisanawafunsepo. Madzulo ndinatenga kope ndi cholembera, ndinakhala nawo mpaka nyali kutha mafuta. Tafika pa chaka chimene anabadwa achemwali.

Loweruka, 10 Ogasiti. Kubwerera

Amayi anadzuka 4 koloko kutiwotchera mbatata ya m'njira. Anatimangira usipa wouma, ufa wa kondowole ndi malambe a ana. Pa boma ndinagula chambo zinayi K28,000 ndi ayezi wa K2,000, amene pofika pa Ulongwe anali atasanduka madzi mujumbo. Pa rodibuloko tinatsika tonse, kudikira mphindi makumi awiri padzuwa.

Mwana uja anyamuka Lachiwiri. Akuti mu Okutobala ayamba kucheka gawo la ayezi la m'ma 1940, ndipo potsanzikana anagwada pamaso pa anganga ake n'kulonjeza kuti akakafika pa 1946 adzaimba foni tsiku lomwelo, awauze mmene mpweya unalili chaka chimene anabadwa. Amayi alibe foni. Tinatenga nambala ya mphunzitsi woyandikana nawo nyumba, ndipo iye anati tiziimba madzulo, akaweruka, kuti azitha kuwapititsira.